Kutsata Lingadzi ndi ana ndi agogo awo

Lachisanu

Amayi anabwera Lachiwiri kuchokera ku Malingunde kudzaonetsa maso kuchipatala. Adokotala anawapatsa mankhwala odonthezera n'kuwauza kuti abwerenso Lolemba, ndiye sabata yonseyi ali nafe kuno ku Area 49. Amayi si munthu wokhala pansi. Masiku atatu okha mpanda wawakwana: asesa pabwalo kawiri m'mawa umodzi, asankha nyemba zonse za m'thumba, ndipo lero masana ndawapeza ataima pageti akuyang'ana msewu ngati pali amene akumudikira. Ana nawo anatsekera sukulu. Kuyambira m'mawa maso ali pa TV, magetsi akathima ayamba kulimbirana foni yanga.

Chandiutsa mtima ndi nkhani ya madzulo ano. Amayi amawasimbira ana nthano ya kalulu ndi fisi, ndipo penapake anatchula kuti kalulu anakabisala patsinde pa mthethe. Mzime wanga, mnyamata wa zaka 6, anadula nthano n'kufunsa kuti, "Agogo, mthethe n'chiyani?" Mlongo wake wa Sitandade 7, amene sayansi amakhoza bwino ndithu, anayankha kuti mwina ndi mtundu wa udzu. Amayi sanaseke, sanakalipenso. Anangotembenukira kwa ine n'kunena motsitsa kuti, "Mwanawe, ana awa akukula ngati nkhuku za m'khola."

Mawuwa andikhala pamtima. Ine ndinakulira pansi pa mithethe, minga yake yandibaya kosawerengeka popita kudambo, koma sindinaganizepo kuti dzina la mtengo lingathere pa ine osafika kwa ana anga.

Ndiye mawa tikupita kunkhalango ija ili pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa msewu umene tinazolowera kuutchula kuti Kenyatta. Ndi nkhalango ya mahekitala pafupifupi 180, mtsinje wa Lingadzi umadutsa m'kati mwake, ndipo mbali ina ndi kumene kuli Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalirako nyama zakutchire zovulala ndi zolandidwa kwa anthu. Pomanga likulu latsopano, lija linasamuka ku Zomba mu 1975, chigawo ichi anachisiya osamangapo. Mzinda wakula mbali zonse, kalembera wa 2018 anatipeza tili pafupifupi 990,000, koma kachigamba aka katsalabe ndi nkhope imene dziko la Lilongwe linali nayo kale. Ndadutsapo pa minibasi zaka zonsezi, ndimaona mpanda ndi mitengo, nthawi zina apusi atandanda pamwamba pa waya, koma kulowamo ayi. Mumtima ndinkangoti ndi malo a azungu ndi ana a sukulu zolipira. Palibe amene anandiuza zimenezo, ndinangodziikira malire ndekha.

Mbatata ndaphika kale, mtedza ndakazinga, mabotolo anayi a madzi ali pakhomo. Ana ndawauza kuti avale nsapato zotseka, osati masilipasi. Bambo awo mawa ali kuntchito, tipita anayi.

Loweruka

Tinanyamuka cha m'ma 7 koloko kukuzizirabe, kamphepo ka Ogasiti kakuulutsa fumbi mumsewu. Minibasi yoyamba inatitsitsa m'tauni, yachiwiri yopita ku City Centre inatisiya chapafupi ndi geti. Msewu uja anaukuza, ndipo mitengo yambiri imene inkachita mthunzi m'mbali mwake inagwa ntchitoyo itayamba mu 2021. Kuwoloka pamenepo uli ndi mwana dzanja ili, gogo dzanja linali, kumafuna maso.

Pageti tinalipira mtengo wa Amalawi, umene ndi wotsikirapo kuposa wa alendo ochokera kunja. Ndisanalandire n'chenji chomwe, mzime anali atafunsa kale: "Ankolo, mkango uli kuti?"

Mnyamata wogwira ntchito pamenepo ananyonyomala kuti alingane naye. "Mkango kuno kulibe, mphwanga. Kuno si kosungira nyama zoti anthu azizionera m'makola. Kuno n'kuchipatala cha nyama. Ukadwala, ungakonde kuti anthu azibwera kudzakuloza zala?" Mwana anapukusa mutu, koma nkhope inagwa ndithu. Ine ndikukumbuka kuti zaka zapitazo anthu ankasimba za mkango waukazi wa diso limodzi wotchedwa Bella, umene unachokera ku Romania n'kudzakhala kuno. Unafa kale.

Mnyamata uja anatifotokozera bwino, ndipo ndinaona kuti n'zomveka. Nyama zambiri zimene zimafika kuno zimabwera chifukwa cha ife anthu. Wina wapha pusi wamkazi m'munda, katsala kamwana, n'kukagulitsa pamsewu. Wogula akamanga chingwe m'chiuno, kakakula n'kuyamba kuluma, basi kamukwana. Apusi ndi anyani otere amawasonkhanitsa kuno pang'onopang'ono mpaka apange gulu lodziwana, kenako amakawamasula kutchire ngati ku Kasungu National Park. Kuti akapulumuke kumeneko afunika aziopa munthu, n'chifukwa chake sawaonetsa kwa aliyense wobwera. Anatchulanso ngaka zimene apolisi amalanda kwa ozembetsa, n'kutikumbutsa kuti lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limalola khoti kupereka zaka mpaka 30 kwa munthu wopezeka ndi ngaka kapena minyanga ya njovu. Amayi anagwedeza mutu. "Kwathu munthu akatola ngaka ankapita nayo kwa amfumu. Sinali nyama yoika m'thumba n'kumakaitsatsa."

Tinasankha kanjira kakafupi, kamene kamatsikira kumtsinje n'kubwereranso. Njira zake zili ndi zizindikiro, sungasochere.

Chinthu choyamba kuchizindikira ndi phokoso. Ukangoyenda pang'ono kuchoka pageti, kulira kwa magalimoto kumatsalira m'mbuyo mpaka kumangomveka ngati mvula ya kutali. M'malo mwake kumabwera tswatswa wa masamba ouma kumapazi, njiwa, ndi apumbwa amene sakhala chete. Mphepo ija imatimwaza fumbi kumsewu, muno inangotsala m'nsonga za mitengo.

Chachiwiri ndi amayi. Munthu uja masiku anayi wakhala akudandaula mawondo, atangoponda dothi la m'nkhalango anatsogola, ndodo ili m'manja osati yotsamira koma yolozera. Sitinayende mapazi makumi awiri asanaime.

"Bwera kuno iwe. Gwira apa, koma mosamala. Uwu ndiye mthethe."

Mzime anayang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasa. Mtengo wautali, khungwa lotuwa lomakanuka, nthambi zotambalala pamwamba, nyengo ino masamba atayoyoka pafupifupi onse. Amayi anamuonetsa minga yake yokhota ngati mbedza, yokhala iwiriiwiri, n'kumuuza kuti ukaona mithethe yambiri pamalo udziwe kuti nthaka ya pamenepo ndi yachonde ndipo chinyontho sichili patali. Akale posankha potsegula munda ankayang'ana zimenezo. Mwana anafunsa ngati kalulu uja anabisala pa womwewu. Agogo ake anati, "Pa mbale wake."

Kuchokera apo ulendo unasanduka sukulu, ndipo ine ndinangokhala wonyamula chikwama. Chitimbe anachidziwa ndi masamba ake ogawika pakati ngati chiboda cha ng'ombe, n'kusimba momwe ankasendera luzi lake pomanga mitolo ya nkhuni, ndi momwe ng'ombe zimalimbiranira zipatso zake zouma m'chilimwe. Kadale anamudziwa ndi tizipatso take ta mapiko anayi, timene ana anayamba kuponya m'mwamba kuti tizizungulira potsika. Pa kamtengo ka mpoza anaima nthawi yaitali, ngakhale kanalibe kanthu chifukwa zipatso zake n'za nthawi ya mvula, n'kumawafotokozera ana kukoma kwake mpaka ine malovu anadzadza m'kamwa. Mtsikana wanga anatulutsa kope limene anabweretsa yekha osauzidwa, n'kuyamba kulemba.

Malo ena amayi anakuwa mwadzidzidzi, "Manja pansi nonse!" Pa chitsamba cha m'mbali mwa njira panali chitedze chitayanga, zikhokhombe zake zaubweya zili lendelende, zokongola ngati zoti uzisisite. Inu amene mudzapite ndi ana nyengo ino, ichi ndiye choyamba kuwaonetsa. Ubweya umenewo ukakhudza khungu munthu amakanda mpaka kulira, ndipo mwana wa m'tauni sachidziwa.

Mzime anayamba kuiwala za mkango pamene anatola munga wa nungu, wautali ngati pensulo, wa mizere yakuda ndi yoyera. Patsogolo pang'ono, pambali pa chulu chachikulu, tinapeza ndowe zoyera ngati choko. Amayi anazitembenuza ndi ndodo. "Fisi uyu." Ana anandikakamira chitenje nthawi yomweyo. Zimayera chonchi chifukwa fisi amatafuna ndi mafupa omwe. Zoti mu Lilongwe muli afisi si nthano: masana amagona m'mapanga ndi m'mayenje, usiku amatsata mitsinje kufunafuna chakudya, ndipo anthu a madera oyandikana ndi nkhalangoyi amawamva akulira. Ndinawauza ana kuti dzuwa likali m'mwamba fisi ndiye amathawa munthu. Anandikhulupirira pang'ono, koma kuyambira pamenepo anasiya kuthamangira kutsogolo.

Njira ikamayandikira mtsinje, nkhalango imasintha ngati walowa m'nyumba ina. Kumtunda kuja n'kouma, kotuwa, dzuwa likulowa paliponse. Kumunsi kuno n'kobiriwira, kozizira, mikuyu ikuluikulu itatambalala ndipo mizu yake ili panja ngati zala. Mumkuyu wina munali apusi akudya nkhuyu, makoko akugwera pamitu pathu. Kamwana kena kanali kakangamira pamimba pa make, maso okhaokha. Mtsikana wanga anati, "Amama, ndiye kamene amagulitsa pamsewu kaja amakachotsa pamenepo?" Ndinati eya. Sanayankhe, koma anakayang'ana nthawi yaitali.

Pagombe pali zikwangwani zochenjeza za ng'ona, ndipo sizinaikidwe pongokometsera. Tinaiona. Poyamba ndinkayesa chipika chimene madzi anachisiya pamchenga tsidya lina, mpaka amayi, a maso odwala omwewo, anati, "Chipika chimakhala ndi mano?" Inali gone pa dzuwa, kukamwa kuli pululu, osagwedezeka n'komwe. M'miyezi yozizira ino zimakonda kutuluka kudzawotha, chifukwa thupi la ng'ona limadalira dzuwa kuti litenthe, ndipo kuyasama kuja n'kodziziziritsa ikatenthedwa. Dzanja la mzime ndinaligwira zolimba mpaka anadandaula. Taganizani, ng'ona yamoyo, yosamangidwa, pamtunda woti munthu atha kuyenda wapansi kukafika ku Nyumba ya Malamulo. Chapafupi pake nantchengwa ankayenda m'madzi osaya akusaka achule, ndipo pa mphanda ya mtengo wina panali chisa chake, chimulu cha timitengo chachikulu ngati denga la nkhokwe yaing'ono. Amayi anachenjeza ana kuti chisa cha nantchengwa sapasula. Sanapereke chifukwa, ndipo ana sanafunse.

Koma chimene ndabwera nacho kunyumba si ng'ona. Titakhala pa benchi kuti amayi apume, mtsikana wanga analoza m'mwamba. M'nthambi zolendewera kumtsinje, pamwamba kuposa mutu wanga, munali majumbo. Abuluu, akuda, oyera, ong'ambikang'ambika, atakulungika m'nthambi ngati mbendera. Pansi pake, pamene madzi amakhota, panaunjikana mabotolo, matewera a ana otaya aja, nsapato imodzi ya mwana. Bambo wina wovala yunifolomu amene ankadutsa ndi thumba akutola zinyalala anatiuza kuti pamene pali majumbo apo ndi pamene madzi amafika mvula ikakula. "Timatola, mayi, koma dzinja lililonse mtsinje umabweretsa zina."

"Zimachokera kuti?" anafunsa mwana.

"Kumtundaku. Ku Mtandire, ku 47, ku 49. Inu mumakhala kuti?"

Mwana anandiyang'ana. Ndinayankha ndine: "Ku 49, bambo."

Tinadyera mbatata zathu pamalo amene anakonzera anthu kukhala, pafupi ndi posewerera ana. Apusi anabwera kudzatizungulira, ndipo lamulo ndi lakuti osawapatsa kanthu, pakuti pusi wozolowera chakudya cha m'manja ndiye amadzayamba kulanda ndi kuluma. Mzime anadya mbatata yake ataifungatira pachifuwa. Munga wa nungu uja anafuna kupita nawo kunyumba, koma agogo ake anamuuza kuti za m'nkhalango zimatsala m'nkhalango, akaubwezere pamene mwana wina adzauonenso. Anakauika pa chitsa m'mbali mwa njira, atauimika kuti uzioneka.

Kanjira konse katitengera maola awiri, koma n'chifukwa choima pa mtengo uliwonse. Ndi kosakwera, mthunzi ulipo wokwanira, chovuta ndi mizu yotuluka panja imene ingapunthwitse wokalamba. Amayi anapuma katatu. Mwana wa zaka 6 wayenda yekha osapempha kuberekedwa.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi, mtsikana wanga anati akufuna akaone Lingadzi wa kwathu kuno. Sikutali, mphindi makumi awiri wapansi, koma papita zaka ndisanatsikireko. Amayi anatsala akupumitsa miyendo. Tinapita ndi bambo awo.

Ndi mtsinje womwewu, koma sungaulingalire. Mitengo ya m'mbali inatha. Pena anthu alima madimba mpaka m'madzi mwenimweni, pena pali maenje a oumba njerwa, pena anyamata ali m'madzi mpaka m'chiuno akukumba mchenga woti malole adzanyamule. Gombe likugumuka lokha chifukwa palibe muzu woligwira. Sindikuwanyoza anthu amenewa. Mchenga umenewo ndi umene unamanga nyumba imene tikuchita lendi, ndipo masamba a m'madimbamo ndi amene ndimagula pamsika.

Pamene panandiimitsa mutu ndi pa kakhwawa kena kotsikira mumtsinje, pamene paunjikidwa zinyalala mulu waukulu, mbuzi ndi akhwangwala zili pomwepo. Kwathu timalipira mnyamata wa wilibala kuti azitichotsera zinyalala kawiri pa sabata. Zaka zinayi tsopano, ndipo sindinamufunsepo kumene amakataya. Lero ndaona matayala a mawilibala atasiya mizere kutsikira pa mulu umenewo. Mvula yoyamba ikadzagwa, zonsezi zidzanyamuka, kudutsa kumunsi kwa Bingu Stadium, n'kukakodwa m'mikuyu ija tinakhala pansi pake dzulo. Zotsala zidzalowa mumtsinje wa Lilongwe, umene Lingadzi amathiramo, ulendo wa ku Salima mpaka kunyanja.

Majumbo opyapyalawa boma linawaletsa mu 2015, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la Supreme linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Koma pitani pamsika uliwonse, tomato wa mulu umodzi akupatsani m'jumbo, anyezi m'jumbo lina, ndipo ife timalandira.

Bambo awo anawaonetsa ana pamene madzi anafika mu Febuluwale 2017, tsiku lija Lingadzi anasefukira m'mawa anthu akupita kuntchito ndi kusukulu. Nyumba zinagwa ku Mtandire, ndipo ena anachita kuwapulumutsa ndi helikopita ya asilikali. Mtsikana wathu anali wamng'ono, sakumbuka. Ine ndikukumbuka phokoso lake, ngati malole ambiri akudutsa nthawi imodzi. Titawasimbira amayi madzulo anangoti, "Madzi saiwala khwawa. Mukamanga m'njira yake, mukadula mitengo yake, adzabwera kudzafunsa."

Tagwirizana ndi bambo awo kuti kuseri kwa nyumba tikumbe dzenje la zinyalala zowola, ndipo mnyamata wa wilibala ndikhala naye pansi Lachitatu. Kumsika ndiyambiranso kunyamula dengu.

Lolemba

Kuchipatala zayenda bwino. Mzere unali wautali, koma adokotala ati maso akuchira, apitirize mankhwala, abwerenso pakatha miyezi itatu. Tikutuluka pageti cha m'ma 1 koloko, amayi anati, "Kunkhalango kuja n'kutali kuchokera pano?" Sikunali kutali. Mzime anatsala kwa aneba, ndiye tinali atatu ndi mtsikana wanga.

Lolemba masana munalibe anthu. Sitinayende kwambiri. Amayi anasankha malo pamene njira imadutsa m'zitsamba zowirira chakufupi ndi mtsinje, anayala chitenje pansi, n'kutiuza kuti tikhale, pasapezeke woyankhula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Loweruka tinali ndi phokoso lambiri, anatero, nyama zinatimva tikadali pageti.

Tinakhala mwina theka la ola. Gologolo anatsika mumtengo, kutiyang'ana, n'kupitiriza zake. Ng'azi inadutsa kutsikira kumadzi ikukoka mchira m'masamba. Kenako amayi anandigwira bondo. Ine sindinamve kanthu, koma iwo anali atamva kale: phazi limodzi pa masamba ouma, kenako zii, kenako phazi lina.

Inatulukira mbawala yaikazi. Yofiirira, timadontho toyera m'ntchafu, makutu akuluakulu akutembenukira uku ndi uku, miyendo yowonda ngati ingathyoke. Yaikazi ilibe nyanga, yamphongo ndiyo imakhala nazo ndipo imaderako. Inabudula nsonga za chitsamba, kukweza mutu, kutafuna ikutiyang'ana. Panali pafupi moti ndinkaona mphuno yake yonyowa ikugwedera. Mwana wanga anasiya ndi kupuma komwe. Sindinatulutse foni, ndipo sindikudandaula. Kenako kamphepo kanatembenuka, inatinunkhiza, inauwa kamodzi ngati galu n'kuzimirira m'zitsamba.

Amayi anakhalabe chete kanthawi. Kenako anati ali mtsikana mbawala zinkabwera kudzadya nyemba kudimba la agogo anga, moti ankachita kuzipirikitsa. Yomaliza kuiona ine ndinali ndisanabadwe. "Ndachita kudzaionera m'tauni," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Mwina anali mankhwala aja, koma sindikuganiza choncho.

M'kope la mwana muli mayina a mitengo 14 tsopano, lililonse ndi chithunzi cha tsamba lake chojambula pamanja.

Lachiwiri

Lero tawaperekeza amayi kumudzi, ine ndi ana onse awiri. Tinadzera ku Likuni. Kuyambira pamenepo mpaka ku Malingunde tinkangokumana ndi njinga za makala, matumba atatu kapena anayi pa njinga imodzi, atasanjikizana kuposa mutu wa mwini wake. Pokwera mtunda amatsika n'kumakankha, thukuta lili chuchuchu, nkhope zakuda ndi fumbi la makala. Ambiri amakhala atanyamuka usiku. Mzime anayamba kuziwerenga, anafika 30 n'kutopa.

Makala amenewa ambiri amachokera ku Dzalanyama, mapiri aja amaoneka obiriwira motuwa kumadzulo, kumalire ndi Mozambique. Nkhalango imeneyo inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1922, ndipo ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Madzi ake amasungidwa m'madamu awiri a kwathu kuno: Kamuzu Dam yoyamba, imene inamangidwa mu 1966, ndi yachiwiri imene ili kumunsi kwake. Madzi a pampopi wathu ku Area 49 ndi omwewa. Kudula mitengo kutafika poipa, mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyo. Ana ndawauza zonsezi tili chiimire pamtunda poonekera damu, madzi ali phee, asodzi awiri ali m'bwato. Ndawauzanso zoona, kuti mbaula imene inaphika mbatata za Loweruka ija makala ake anabwera pa njinga ngati zomwezi. Magetsi akathima, gasi atakwera mtengo, mayi wa m'tauni amagwira chimene chili pafupi. Mtsikana wanga anafunsa kuti nanga titani. Ndinamuuza kuti tiyambe ndi kufunsa mtengo wa kasilinda kakang'ono ka gasi mwezi ukatha, ndipo nyemba tiziziviika usiku kuti zisamadye makala ambiri.

Amayi analoza mapiriwo ndi ndodo n'kuwauza ana kuti kumeneko ndiye kuli Kaphirintiwa, kumene makolo athu Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira kuchokera kwa Chauta, n'kusiya mapazi awo pathanthwe lisanaume. Mzime anafunsa ngati mbawala inaliponso. Mlongo wake anamusimbira za dzulo, ndipo mpaka pano sanatikhululukire kuti tinamusiya.

Tisanadye nsima amayi anatitengera kumunda. Pakati pa munda pali msangu waukulu umene malemu bambo anga anakana kuudula ngakhale anthu a matabwa ndi a makala anabwera kangapo ndi ndalama m'manja. Nyengo ino mitengo ina yonse ili mbee, koma msangu uli ndi masamba obiriwira, mbuzi zili pamthunzi. Mtengo uwu umachita zosemphana ndi inzake: mvula ikayamba umayoyola masamba, chilimwe ukaphuka. Ndiye chimanga chobzalidwa pansi pake sichisowa dzuwa, masamba ogwa aja amasanduka manyowa, ndipo mizu yake imaonjezera chonde m'nthaka ngati momwe zimachitira nyemba ndi nandolo. Amayi anaonetsa ana mapesi a chaka chino amene akadali m'munda: a pansi pa msangu onenepa ngati dzanja la mzime, a kumalire kwa munda owonda ngati bango.

Zipatso zake zayamba kugwa, zopiringizika, zofiirira ngati khungu la lalanje louma. Mzime anayang'ana agogo ake kaye asanatole. "Izi ndiye tola," anatero amayi. "Muno ndi m'munda mwanu." Anadzaza matumba onse a kabudula. Amayi anatilangiza kuti njere zake ndi zolimba khungu, ndiye tizikande pang'ono pa mwala kapena tiziviike m'madzi otentha usiku wonse, tizifese m'machubu, koma tisazisunge m'machubumo nthawi yaitali chifukwa muzu wake umathamangira pansi. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala. Ina tidzabweretsa kuno kumunda, ina mtsikana wanga akuti akapempha aphunzitsi kuti akabzale kumalire a sukulu, mbali yoyang'ana kumtsinje.

Tinatsanzikana cha m'ma 3 koloko. Amayi anatipatsa nkhuku, ufa ndi thumba la mtedza, n'kutiperekeza mpaka pamsewu, ndodo ili kutsogolo. Anati akadzabwera kuchipatala mu Novembala tidzapitenso kuja, akufuna akaone ngati mpoza uja wachita maluwa.

Tafika kunyumba kutada. Mzime anagona m'minibasi dzanja lili m'thumba la kabudula. Njere 22 zili m'kapu pawindo la kukhitchini, madzi ake akuzirala. Machubu tilibe, ndiye mtsikana wanga watsuka mapepala a shuga ndi a mkaka amene anali oti atayidwe, wawaboola kumunsi ndi msomali, wawayanika pa chingwe. Dothi tikatenga m'mawa kuseri kwa nyumba.